Buku la phiri lathu ndalipeza pa kaunjika ku Edinburgh

Nachisale (Edinburgh): Abale anga akumudzi mwaswera bwanji, ine zomwe ndakumana nazo lero sindingagone nazo ndekha ayi. Ndinali pa ofu nde ndinati mmalo momangokhala mnyumba ndi kuzizira kwa kunoku bola ndikapondeko mtauni, ndinafika ku West Port kufupi ndi Grassmarket komwe kuli timashopu ta mabuku akale, ndikamati akale ndikunena kaunjika weniweni koma wa mabuku, mashelefu mpaka kudenga moti mukakumana anthu awiri pakanjira wina amachita kupendekeka kuti mnzake adutse. Chomwe ndimafuna ine ndi buku londilondolera malo a kuno ku Scotland poti mwezi wamawa ndikufuna ndikaoneko kumapiri kwawo, ndili mkati mosanthula pa shelefu ya zamaulendo ndangoona pamsana pa kabuku kena kothimbirira palembedwa Malawi. Kutsegula chonchi pakati penipeni mapu a phiri la Mulanje, Likhubula, Chambe, Lichenya, Thuchila, mpaka Fort Lister. Ndinakhala pansi mushopu momo anthu kumandidumpha

Dalaiva wa Limbe-Muloza: Kkkkk achemwali mpaka kukhala pansi? phiri lomweli timaliona daily mpaka kutopa nalo

Nachisale (Edinburgh): Inu mumaliona mukangotuluka pakhomo, ine chaka chachitatu chino ndikungoona nyumba za miyala ndi mvula yopanda mabingu

Mai a Tadala: Mwagula koma? kapena mwangolisisita nkulibweza

Nachisale (Edinburgh): Ndagula mai, mapaundi awiri ndi theka, kuchepera kapu ya khofi ya kuno. Wogulitsayo mdala wina wa ndevu anandifunsa ngati ndikufuna kupita ku Malawi, ndinati ayi bambo ndinachokako, phiri lili pa mapu apali ndinkatola nkhuni mmunsi mwake. Anaseka nkundiuza kuti mabuku a maulendo akale savuta mtengo chifukwa anthu amawathawa, aliyense amafuna la chaka chino

Gaidi wa pa Likhubula: Asisi tajambulani tione. Ndi la chaka chanji? funso loyamba ndi limenelo, mabuku amenewa atizunza ife pano

Nachisale (Edinburgh): Vuto lake ndi limenelo achimwene, tsamba loyamba lomwe pamakhala chaka linathothoka, ndayang'ana kumbuyo konse palibe. Ndatumiza zithunzi zinayi, onani

Aphunzitsi Opuma: Moni nonse. Mwana wanga Nachisale wachita bwino kugula. Chaka usadandaule nacho, buku limadziulula lokha msinkhu wake ngati mbuzi ndi mano. Tawerenga pamene akunena za mayendedwe ochokera ku Blantyre kubwera kuno, akuti munthu akwere chiyani?

Nachisale (Edinburgh): Aphunzitsi akuti mabasi a Stagecoach amanyamuka ku Blantyre kudzera ku Limbe ndi Thyolo mpaka pa boma ndi ku Muloza, ndipo akuchenjeza kuti basi wamba imaima paliponse nde ulendo umatalika

Aphunzitsi Opuma: Basi tayamba kuliona. Stagecoach inatenga mabasi a kampani ya United Transport Malawi (UTM) mu 1989 ndipo inachoka mu 1997, pambuyo pake ndi pamene tinayamba kumva za Shire Bus Lines. Choncho bukulo lili pakati pa zaka zimenezo. Ndipo mwina sukudziwa, kampani imeneyo kwawo ndi komwe uliko, inayambira mu mzinda wa Perth ku Scotland konko.

Nachisale (Edinburgh): Iiiii Aphunzitsi ndimaiona ndithu kuno Stagecoach, tsiku loyamba ndinadabwa kuti dzinali ndinalimvapo kuti, kani ndi mabasi omwe amayi ankanena aja

Dalaiva wa Limbe-Muloza: Nde za Midima mulibemo eti? lero mzungu wofuna kufika msanga timamudutsitsa ku Nkando, za ku Thyolo ndi za amene akufuna kujambula minda ya tiyi ndi kugula mapeyala pa Bvumbwe

Nachisale (Edinburgh): Midima aitchula koma ngati msewu woti usauyerekeze nthawi ya mvula kkkk

Mtsikana wa ku MUST: Anti taonaninso ngati akunena za zovala, tinkamva kuti kale akazi samaloledwa thalauzi

Nachisale (Edinburgh): Zilimo mwana iwe! akuti lamulo loletsa akazi kuvala thalauzi ndi masiketi aafupi komanso amuna kusunga tsitsi lalitali lachotsedwa posachedwapa, koma akulangiza azimayi kuti kumudzi azimangabe chitenje posonyeza ulemu

Aphunzitsi Opuma: Ndiye latsala pang'ono kugwidwa. Lamulo la kavalidwe lija linali la 1973 ndipo linatha nthawi ya kusintha kwa ndale, riferendamu inali June 1993, chisankho May 1994. Ngati akuti lachotsedwa posachedwapa ndipo Stagecoach ikadalipo, bukulo ndi la pakati pa 1994 ndi 1997. Onanso za sitima. Ngati akuti sitima yodutsa pa Luchenza imakafika ku Nsanje ndiye kuti madzi anali asanadule njanji ku Chiromo, zimene zinachitika mu 1997.

Nachisale (Edinburgh): Akuti imafika mpaka ku Nsanje koma munthu asakhale pa changu. Aphunzitsi inu mukanakhala a CID

Mai a Tadala: Kkkkk ana a sukulu ankawaopa pachifukwa, ukanama kuti kope laiwalika kunyumba ankakufunsa mafunso atatu okha basi wagwidwa

Wa ku Joni: Ndangolowa kumene ndapeza mameseji 40, nkhani ndi buku? Anthu inu chaka chino foni ili ndi mapu, ili ndi mitengo, ili ndi chilichonse, buku la nthawi ya Bakili likuthandizani chani. Asisi mwataya mapaundi, bola mukanatumiza kumudzi tigule fetereza

Gaidi wa pa Likhubula: Aise mbali ina ukunena zoona mbali ina ayi. Ndikuuze zomwe zimatichitikira ife. Chaka chatha kunabwera azungu awiri mwamuna ndi mkazi atanyamula buku ngati lomweli lomata ndi selotepi, tikukambirana za mtengo wa gaidi ndi mapota iwo kutsegula tsamba kumandilozera kuti apa alemba mtengo wakuti, ine kuyang'ana ndalama yake olo mandasi awiri sungagule lero. Ndinawauza kuti bwana bukuli linalembedwa ndisanayambe sukulu, kwacha yagwa kangati chilembereni, mu November 2023 mokha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Anaganiza kuti ndikuwabera mpaka tinapita pa ofesi kukaona mitengo yomwe inamatidwa pakhoma ndi pomwe anakhulupirira. Nde pa mitengo, pa mabasi, pa malo ogona, buku lakale ndi bodza lokhalokha. Koma tsiku lachiwiri tili pamwamba chiperoni chatsika netiweki kulibe foni ya bwanayo yazima ndi kuzizira, chomwe ankayang'ana usiku mu hati, kanyumba kogonamo okwera phiri, kuti adziwe kuti mawa tikwera chitunda chanji ndi buku lomwelo, ndipo mapu ake anali olondola poti phiri silisamuka

Wa ku Joni: Olo foni izime inu mulipo, ntchito yanu ndi imeneyo

Gaidi wa pa Likhubula: Eya nde vuto lina ndi limenelo, munthu akakhala ndi buku amadziona ngati walidziwa phiri. Mukukumbuka 2003 mayi wa ku Netherlands uja anapita yekha ku Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse ya phirili, mpaka lero sanaoneke, 2009 mnyamata wa ku Brazil nayenso anapitirira yekha anakamupeza atamwalira patapita masabata. Sapitwa ndi mamita 3,002 ndipo kumtunda kuja ndi miyala ikuluikulu yoti pena umakwawa pansi pake, mtambo ukabwera suona olo dzanja lako, mivi yofiira yomwe inapentedwa pamiyala ija imasowa. Pepala silingakuuze kuti mphepo iyi yasintha tibwerere

Mai a Tadala: Dzina lokha likunena kale kuti sapitako, makolo sanali opusa

Mtsikana wa ku MUST: Anti bukulo likunenapo za mizimu? zija amati ukapeza chakudya chokonzakonza mphiri udye wekha osaitana mnzako

Nachisale (Edinburgh): Mizere iwiri yokha, akuti anthu a mderali amakhulupirira kuti pamwamba pamakhala mizimu, basi kenako ayamba za nsapato zoyenera kuvala. Koma za mahati alemba bwino kwabasi, Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu, ndi kanyumba ka CCAP ka pa Lichenya, maola oyenda kuchoka pena kufika pena, komwe kuli madzi, zonse

Gaidi wa pa Likhubula: Hati ya Chisepo mulibe?

Nachisale (Edinburgh): Mulibe, akuti wofuna Sapitwa agone pa Thuchila alawire mbandakucha

Gaidi wa pa Likhubula: Mwaona nde zimenezo. Chisepo inamangidwa pambuyo, lero ambiri timagona pa Chisepo chifukwa ili mmunsi mwenimweni mwa njira ya Sapitwa, wotsatira bukulo adzionjezera maola a ulele. Nanga za Chambe akuti bwanji, paini ndi chingwe chija?

Nachisale (Edinburgh): Akuti ukafika pa Chambe umalowa mnkhalango ya paini, ndipo pali chingwe chotsitsira matabwa kuchokera pamwamba mpaka kumunsi, njira ya Skyline imatsata chingwecho. Palinso ndime yaitali ya mkungudza, akuti ukamayandikira hati fungo lake limakulandira ndipo nkhuni za pamoto ndi zomwezo

Gaidi wa pa Likhubula: Apo nde pondiwawa. Chingwe chinasiya kalekale, paini wa pa Chambe anatha, mkungudza waukulu woti anthu awiri kuuzungulira ndi manja mungayende tsiku lonse osauona, zatsala ndi zitsa ndi mbande zomwe a MMCT, bungwe losamalira phirili, ndi anthu a mmidzi akubzala. Ine ndinayamba ngati pota ndikuiona mitengo imeneyo ili chilili. Tinaidula tokha, tisanamizire munthu, matabwa ankatsika pamutu usiku ndi usana ndipo tonse tinkadziwa kuti akutsika

Aphunzitsi Opuma: Mtengo umenewo ndi wa fuko, unalengezedwa mu 1984, ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko koma paphiri lathuli. Phirilo linakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927. Tsono taonani, buku limene mwana wa ku Joni akuti ndi lotha ntchito ndi limene lasunga fungo la pa Chambe, ife eni ake tilibe pamene tinalemba.

Wa ku Joni: Aphunzitsi ine ndagonja mbali imeneyo kkkk koma fetereza ndikufunabe. Kunoko nakonso ziliko zoterezi, nthawi ina ndili ku Cape Town ndinalowa shopu ya mabuku akale mu Long Street kuthawa mvula, shelefu yonse ya Africa, ndinapezamo la Malawi lakale kwambiri lolemba Mlanje ndi Cholo, likulu akuti Zomba. Ndinangoseka nkulisiya, pano ndikuona ngati ndinalakwitsa

Aphunzitsi Opuma: Unalakwitsadi. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndiye linali la kale kuposa pamenepo. Amenewo ndi osowa.

Dalaiva wa Limbe-Muloza: Cholo kkkkk azungu lilime linkakana Thyolo

Nachisale (Edinburgh): Mu langali Chitakale alemba Chitikali, ndipo akuti zakudya zokwera nazo phiri mugule pa PTC

Mai a Tadala: PTC ija ndi mbiri yakale, auzeni abwere pamsika tiwagulitse nanazi ndi mbatata. Koma za nanazi alembamo? ngati mulibe nanazi bukulo ndi labodza

Nachisale (Edinburgh): Nanazi alimo mai musadandaule, nthochi za ku Thyolo nazonso akuti ndi zotchipa moti mkoko wonse ndi ndalama yochepa

Mai a Tadala: Mayo ine nthochi zija, matenda a chisaka aja anatipweteka, mpaka kumadya nthochi zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique ife a ku Thyolo, manyazi

Adimini: Abale nkhani ikukoma koma zithunzi muzitumiza zochepa ena bandulo ndi ya MB zowerengeka. Komanso amene sanapereke ya chipepeso cha kwa Mabuka mundipeze ku inbox

Nachisale (Edinburgh): Pepani a Adimini chimodzi chokha chomaliza, chifukwa chomwe chandikhalitsa pansi mushopu muja sindinachinene. Mwini bukuli woyamba analemba ndi pensulo mmbali mwa masamba, tizilembo ting'onoting'ono topendekera. Pena wakhwatcha mtengo nkulemba wina, pena walemba kuti basi inachedwa maola atatu, pa Dziwe la Nkhalamba walemba kuti madzi ozizira ngati akudula miyendo. Nde pa tsamba la Thuchila walemba motalikirapo, ndikumasulira mmene ndingathere: tinafika titanyowa usiku, mlonda wachikulire anakoleza moto, anayanika masokosi athu, anatiotchera mbatata zake zomwe, sanafune ndalama yoonjezera, tinamusiyira tochi. Dzina sanalembe. Mkatimo munalinso tsamba louma la mtengo lomwe lasiya chizindikiro pa pepala

Mai a Tadala: Nachisale

Mai a Tadala: Bambo anga anagwirapo ulonda wa mahati zaka zimenezo, ankasinthana, pena Thuchila pena Chinzama, ankatsika kamodzi pakapita masabata atanyamula kathumba. Ndipo kunyumba kunali tochi yachitsulo yofiira yomwe sitinkaloledwa kuigwira, ankati anapatsidwa ndi alendo

Mtsikana wa ku MUST: Iiiii thupi langa lachita tsembwe

Wa ku Joni: Mai musafulumire, alonda anali ambiri ndipo azungu osiya matochi analinso ambiri

Mai a Tadala: Ndikudziwa mwana wanga, sindikuti ndi iwowo. Koma za mbatatazo ndi khalidwe lawo ndithu, munthu uja mlendo asagone ndi njala olo iye agone nayo, amayi ankachita kukalipa kuti ufa wa masabata awiri watha bwanji sabata imodzi. Anatisiya 2008. Chithunzi chawo tilibe olo chimodzi, chinalipo cha pa chitupa chinapita ndi madzi a Freddy

Gaidi wa pa Likhubula: Pepani mai. Madala amenewo ndi amene anatiphunzitsa phiri ife, ndinawapeza ena mwa iwo, munthu amangoyang'ana mbali ya ku Mozambique nkukuuza kuti pofika 2 koloko chiperoni chikhala chafika musapite kutali. Mmabuku onse omwe alendo amabwera nawo sindinaonemo dzina la mlonda kapena pota, amangoti pa hati pali mlonda mumpatse kangachepe

Aphunzitsi Opuma: Ndi mmene mabuku amenewa alili, amalembera mlendo, ndiye ife timaoneka ngati mbali ya malo, pamodzi ndi mitsinje ndi milatho. Sindikuwanyoza ayi, ntchito anaigwira, anayenda nayeza maola nalemba. Pali lina la phiri lokhalokha limene analemba Frank Eastwood, linatuluka mu 1979, limenelo lili ndi njira za nsonga pafupifupi zonse ndipo a Mountain Club, gulu la okwera mapiri, ankalidalira kwambiri. Nachisale ukadzalipeza limenelo usadzalisiye. Komanso mudziwe kuti nthawi ya Kamuzu mabuku ena a maulendo ankaletsedwa kulowa mdziko muno, la Lonely Planet la Africa yonse lija linali loletsedwa chifukwa linanena zosakomera boma, alendo ankachita kulibisa pa chipata.

Dalaiva wa Limbe-Muloza: Buku la maulendo kubisa ngati chamba kkkkk dziko ili tachokera kutali

Mtsikana wa ku MUST: Koma bwanji osalemba lathu ife? a Gaidi mumadziwa njira zonse, Aphunzitsi mbiri ili mmutu, ine nditha kutaipa ndi kujambula mapu pa kompyuta. Pano phiri linalowa mndandanda wa UNESCO wa malo a chikhalidwe mu July 2025 ndipo chomwe analowera ndi zomwezi za mizimu ndi miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe zomwe bukulo lapatsa mizere iwiri. Likhale la Chichewa ndi Chingerezi, ana a sukulu omwe amabwera pa Likhubula aja azigula

Wa ku Joni: Gulu lino tinayambapo za thumba la maliro, za timu ya mpira, za nkhuku, zonse zinathera pa meseji. Ndingoonera

Gaidi wa pa Likhubula: Kkkk aise usatinyoze. Ine kulemba sindingathe koma kuyankhula nditha, mwana wa ku MUST ubwere Loweruka lina ndi foni yako uzijambula mawu, tiyambe ndi madala awiri omwe atsala kuno omwe ananyamulapo katundu nthawi ya chingwe. Mayina a timitsinje ndi mapanga omwe ife timatchula pa mapu a azungu palibe. Koma ubwere usanafike mpikisano wa mapota wa mu July chifukwa nthawi imeneyo sindipezeka

Mtsikana wa ku MUST: Tikamaliza mayeso ndibwera, transipoti yokha a Dalaiva mundiganizire

Dalaiva wa Limbe-Muloza: Ukhala pa injini mwana, ulele ulibe mpando

Aphunzitsi Opuma: Nachisale, popeza uli ku Edinburgh, ukapeze nthawi ukaone munda wa zomera wa Royal Botanic Garden. Mbewu ya tiyi imene inafika ku mishoni ya Blantyre kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 inadzera kumeneko, ndipo kuchokera pa mitengo ya pa mishoniyo Henry Brown anadzabzala kuno ku Mulanje mu 1891. Tiyi yense ukumuona kuyambira ku Lauderdale mpaka ku Thyolo chiyambi chake ndi chimenecho. Satemwa inadza pambuyo, 1923. Ukakwerenso sitima upite ku Blantyre wawo kufupi ndi Glasgow, kumene anabadwira David Livingstone mu 1813, nyumba yake anaisandutsa malo osungirako mbiri.

Nachisale (Edinburgh): Ku Blantyre wawoyo ndinapitako Aphunzitsi, kakang'ono zedi, banja lonse linkagona chipinda chimodzi pafupi ndi fakitale ya thonje mmbali mwa mtsinje wa Clyde. Ku munda wa zomerako ndimangodutsa pa geti, ndikalowa ndithu poti kulowa mmundamo ndi ulele

Wa ku Joni: Nanga buku la Scotland lomwe munapitira lija munagula? kapena Mulanje anakuiwalitsani

Nachisale (Edinburgh): Kkkk ndinatuluka nditaiwala, ndinakalipeza pa shopu ya Oxfam pobwerera. Kumeneko nde ndinachenjera, anali atatu a kampani imodzi nde ndinayamba kuona chaka kuseri kwa tsamba loyamba nkutenga la posachedwa, ndinaonanso ngati mapu opinda akumbuyo alimo chifukwa ambiri amakhala atazulidwa, kenako ndinawerenga zomwe alemba za dera lomwe ndimakhala kuti ndione ngati wolembayo anafikadi kapena anangomva. Nthawi za basi ndi mitengo ndiziona pa foni, bukulo ndi la njira ndi mbiri basi. Koma abale phiri lawo lalitali kuposa onse ku Britain konse, Ben Nevis, ndi mamita 1,345 okha

Gaidi wa pa Likhubula: Hahaha ndiye kuti ukakhala pa khonde la Chambe hati ukumwa tiyi uli kale pamwamba kuposa nsonga yawo? Sapitwa kuwirikiza kawiri nkutsalako chenji

Nachisale (Edinburgh): Eya koma musalidelere, akuti nyengo imasintha ngati kwathu komweko ndipo nthawi yozizira kumakhala chipale, anthu amafera komweko. Ndipita ndi gulu sindiyenda ndekha

Gaidi wa pa Likhubula: Mwaphunzira bwino asisi

Mai a Tadala: Nachisale mwana wanga bukulo ukamabwera usalisiye. Sindikufuna kulanda ayi ndingofuna ndidzaone ndi maso tsamba limenelo ndi kuligwira, ndiwaonetsenso achemwali anga a ku Phalombe

Nachisale (Edinburgh): Mai ndi lanu, ndalikulunga kale mu pulasitiki. Ine tchuthi ndi December koma pali mnzanga wa ku Bangwe akunyamuka mwezi wamawa, ndimupatsira afike nalo ku Limbe

Dalaiva wa Limbe-Muloza: Akafika andiimbire ndikalitenge, ndidzakusiyirani pa Chitakale mai, limenelo ndiye lokha likwera ulele kutsogolo

Aphunzitsi Opuma: Lisanapite kwa Mai a Tadala lidzagone kwanga usiku umodzi, ndichititse fotokope masamba a phiri. Tsamba louma lija musalichotsemo.

Gaidi wa pa Likhubula: Asisi tajambulaninso tsamba loumalo pafupi, chithunzi choyamba chija chachita mbuu, ndikufuna ndione ngati ndi mkungudza kapena paini

Adimini: Chimodzi chokha chonde

Nachisale (Edinburgh): Kuno kwada kale magetsi a mchipinda muno ndi achikasu, ndijambula mawa pawindo ndisanapite ku ntchito